Tsiku lomwe tinapita ku Chileka koma osauluka

Kuno kwathu ukanena kuti ukufuna ana aphunzire kuulutsa ndege, fotokoza msanga, apo bii mawa lake uli pabwalo kwa a mfumu. Ine ndinazinena mokweza pa garaja, anyamata anga anaseka mpaka wina kugwetsa sipanala, eti "abwana, ya lichero kapena?" Ayi aise. Ndikunena ndege yeniyeni ya mapiko ndi injini, tija ting'onoting'ono timadutsa pamwamba pa Chirimba tikulira ngati njinga ya kabaza tikamalowera ku Chileka.

## Funso la pa nsima

Ndine makaniko, zaka 19 tsopano ndili pansi pa magalimoto a anthu. Chisamba changa ndi mtsikana, zaka 11, ali Sitandade 6, ndipo ndi mwana uja wofunsa mpaka mutu ukuwawe. Tsiku lina magetsi atazima tikudya pa kandulo anangoti, "Adadi, galimoto ikazima mumaikankhira pambali pa msewu. Nanga ndege ikazima amaikankhira kuti?"

Ndinati imagwa basi, idya nsima. Amake anawonjezera kuti zoopsa sitikamba usiku. Nkhani inathera pompo koma ine inandikhala pamtima, chifukwa zoona zake sindinkadziwa, ndinangoyankha kuti mwana atseke pakamwa. Munthu woti injini ndimaimva ndi khutu kuti apa ndi pulagi apa ndi koyilo, koma kundigwetsa mwana wa pulayimale.

Ndili ndi kasitomala wina wachikulire, Hilux yawo ndimaigwira ndine kuyambira kale. Anauluka zaka zambiri, pano amaphunzitsako ena ndi kuyendetsa kandege ka anthu anayi, aliyense amangowatcha a Kaputeni. Tsiku lina ndikuwasinthira mashoko ndinawaponyera funso lija ngati ndi langa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti, "Limeneli si lanu bambo, ndi la mwana. Mubwere naye Loweruka, atengenso mlongo wake."

## Agogo akana

Amayi anga anali kwathu nthawi imeneyo, anachoka ku Ntcheu kudzaonetsa maso kuchipatala. Atamva anaika kapu ya tiyi pansi. Chifukwa chake mukuchidziwa kale. Ndege yaing'ono, nyengo yozizira, chifunga, palibe m'dziko muno amene waiwala pa 10 Juni 2024 ndi Chikangawa, ndipo amayi anga ku Nsipe anapita ndi miyendo yawo kukaperekeza a Chilima. Kwa iwo kandege kakang'ono ndi bokosi lamapiko.

"Zidzukulu zanga ayi. Ngati watopa nawo anawa undipatse ndizipita nawo kumudzi."

Tinakokana masiku atatu. Mapeto ake anati chabwino koma apita nawo, akaione okha nkhope ya munthu amene akufuna kunyamula ana a eni kupita nawo kumitambo. Ine ndimawadziwa amayi anga, cholinga chinali chokakaniza pomwepo pamaso pa mwini wake.

## Kuzungulira ndege

Munali mu Julayi, chiperoni chili pachimake. Tikudutsa pa Kameza kamvula kowaza kaja kayamba, phiri la Michiru likuoneka theka, mutu uli m'mitambo. Mtsikana wavala diresi la ku tchalitchi, mlongo wake wazaka 7 wanyamula ndege yake ya mawaya kuti akaifanizire ndi inzake.

Ndegeyo ndi Cessna 172. Ukaiyandikira imakhumudwitsa kunena zoona, mkati mwake olo Mira ndi yotakasuka. Koma a Kaputeni akuti mtundu umenewu unayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, palibe ndege ina padziko yomwe yapangidwa yochuluka chonchi, moti oyendetsa ambiri a ndege zikuluzikulu zija anayambira pa imeneyi kapena pa kamng'ono kake ka mipando iwiri, 152. Pambali palembedwa 7Q ndi zilembo zina, 7Q ndiye kuti ndi ya ku Malawi, ngati nambala puleti.

Ine ndimaona ngati tingofika nkukwera ngati minibasi. Aaa, ayi. Anamupatsa mwana pepala lolimba la mndandanda, amati checklist, nkuti, "Uziwerenga chimodzichimodzi, ine ndizichita. Ukaona ndadumpha undikalipire." Mwana kupatsidwa chilolezo chokalipira wamkulu, ndiye mukudziwa mmene anachigwirira pepala lija.

Matayala, oilo, mabawuti, pulopela kuisisita ndi dzanja kuona ngati yabenthuka. Anamugwiritsa kachidutswa kakumapeto kwa phiko, aileron, ukakweza ka kumanja ka kumanzere kamatsika ndipo chiwongolero mkatimo chikutembenuka chokha, mnyamata anathawa eti muli munthu. Tomwe timapendeketsa ndege pokhota ndi timeneto. Kumchira kuli ziwiri, elevator yodzutsa ndi kuweramitsa mphuno, ndi rudder yoimirira ija yomwe amaiyendetsa ndi mapazi. Pansi pa phiko lakumanzere pali kapaipi koloza kutsogolo, kameneko kamamva mphamvu ya mphepo nkuuza wotchi kuti liwiro ndi lakuti, ndipo mavu aja omanga ndi dothi amakakonda zedi, akamangamo basi wotchi iyamba kunama. Anamuuza asuzumiremo koma asayerekeze kuuziramo ndi pakamwa.

Chomwe chinandigwira ine ndi mafuta. Anatenga kabotolo koonekera nkukankhira pansi pa phiko, mafuta anatsika a mtundu wa buluu. Avgas ameneyo, si petulo wathu wa pa pampu, amamuthira mtundu dala kuti asasokonezedwe ndi ena. Anakweza kabotolo kuloza kowala, "ukuona timadontho pansi apo?" Munalibe. Madzi amalemera kuposa mafuta ndiye akalowa mu thanki amakhala pansi, kumene injini imayamba kuyamwa. Zimenezi ine ndimazidziwa bwino, ndatsukapo mathanki angati, koma ine ndimatsuka galimoto itafa kale pamsewu mwini wake akutukwana. Awa amayang'ana isanalire nkomwe, ulendo uliwonse.

Injini yake masilinda anayi, ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo ngati ma VW Beetle akale aja. Silinda iliyonse mapulagi awiri, magineto awirinso, moti imodzi itafa inzake ikupitiriza, batire itafa injini ilibe nazo ntchito. Ndinaima pamenepo mpaka ana kundikoka malaya. A Kaputeni anaseka nkuti, "Musachite mantha, anayambitsa zonsezi anali anzanu, okonza njinga. Anyamata apachibale a Wright ku America, 1903, ulendo woyamba masekondi 12 okha."

Kenako anatifunsa makilo, aliyense. Ine ndinati 92, anandiyika pa sikelo, 94, kkkk. Amawerengera anthu, mafuta, katundu ndi pomwe aliyense akhale, chifukwa kulemera kukachuluka kumbuyo mphuno imadzuka yokha. Za folofolo ndi "tasunthani pang'ono amayi" kumeneko kulibe.

Nthawi yonseyi agogo ali chiimire pakhomo la shedi, adzifunditsa chitenje, osatulutsa liwu.

## "Mami, tsika"

Titamaliza zonse, mwana atakhala kale pampando wakutsogolo, amuikira pilo kuti aziona, mahedifoni ali kumutu mano onse panja, a Kaputeni anatuluka panja okha. Anayang'ana Michiru. Anayang'ana foni, anaimbira a zanyengo, anamvetsera nthawi ndithu. Anayang'ananso Michiru yemwe tsopano anali atasoweratu, kwangoti mbuu. Anabwerera mwakachetechete nkutsegula chitseko.

"Mami, tsika. Lero sitiuluka."

Mwana analira kulira kwenikweni, kuja kofika mpaka mapewa. Ine chamumtima ndinapsa, petulo ndawononga, garaja ndatseka Loweruka tsiku la ndalama, ndipo mmene ndimaonera ine mvula yake sinali mvula, kamvula koti olo zovala pa chingwe sungathamangire kukaanula. Ndinayamba kale chichewa chathu chija, "Kaputeni, olo kungozungulira kamodzi, mwanayu asangobwerera chonchi." Mawu akutuluka pakamwa ndinawazindikira. Ndi omwe makasitomala amandiuza ine daily, ingomangani ndi waya tikafike ku Zomba, tidzakonza tikabwera.

Sanandiyankhe. Analowa mu ofesi nkukoka mpando uja wozungulira, anamukhazikapo mwana akufwenthabe, nkupita kwa agogo manja ali kumbuyo, "Mayi, tibwerekeko chitenje." Agogo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, koma anapereka. Anamumanga mwana kumaso.

"Mapazi asagunde pansi, mutu usagwedeze. Uziloza ndi chala chachikulu mbali yomwe ukumva kuti ukuzungulira. Ukamva kuti waima, chala chiloze kudenga."

Anayamba kumuzunguza cha kumanja, pang'onopang'ono, liwiro limodzimodzi osawonjezera osachepetsa. Chala kumanja. Bwino. Mpando ukuzungulira, ukuzungulira, tonse tili zii, kenako chala chija chinayamba kudzuka mpaka kuloza kudenga. Ife tikumuona ndi maso athu akuzungulira, iye akuti waima. A Kaputeni anatiyang'ana, chala pakamwa kuti tisanene kanthu. Anamusiya azungulirebe pang'ono kenako anagwira mpando nkuuimitsa. Chala chinagwera kumanzere ndipo mwana akukuwa, "Ndikubwerera adadi, ndikubwerera!" pomwe wangokhala phee pamalo amodzi.

Atamumasula anaiwala zolira. Anamufotokozera atagwada kuti alingane naye. Mkati mwa khutu muli timachubu ta madzi, ndi tomwe timatiuza kuti tapendekeka kapena tikuzungulira. Ukazungulira nthawi yaitali pa liwiro limodzi madzi aja amayamba kuyendera limodzi ndi mutu, ubongo nkumati taima, ukaima zenizeni madzi amapitirira, ubongo nkumati tikubwerera. Pansi pano maso amaligwira bodzalo msanga. Mu mtambo maso alibe chogwira, kunja konse kwayera ngati wagwera mu thumba la ufa, ndiye ndege ikhoza kumapendekeka iwe ukumva kuti zonse zili bho, ukati ukonze ndi pomwe ukuipendeketsa zenizeni. Alipo amene anaphunzira kuuluka ndi mawotchi okha, kukhulupirira zida kuposa thupi lawo, iwowo a Kaputeni ndi mmodzi. Koma ulendo wathu unali woyendera maso, wokaonetsa ana dziko, ndipo Blantyre ndi mzinda wa mapiri, Michiru, Ndirande, Soche, onsewo anali atabisala mu mtambo womwewo.

Apa ndi pomwe agogo anasuntha. Anayenda mpaka pa mpando nkuuza mdzukulu wawo, "Tachoka, ndikhalepo ine."

Mayi wa zaka zopitirira 70, wa Mvano, woti olo pa kabaza amakana kukwera, kumangidwa kumaso ndi chitenje chawo chomwe. Ndinafuna kuletsa, anandikalipira. Zinachitika chimodzimodzi, chala kudenga akuzungulira, chala kumanzere ataima. Atawamasula sanadzuke, anagwira mpando ndi manja awiri akuyang'ana pansi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye ana aja ku Chikangawa kunali chonchi?"

A Kaputeni anavula chipewa. "Mayi, ine kunalibe, sindingaike mawu pa anzanga amene anatsogola. Chomwe ndingakuuzeni ndi chakuti zidzukulu zanu sindingalowe nazo mu mtambo."

Agogo anapinda chitenje bwinobwino, makona anayi, ngati akuchiika mu sutikesi. "Kukadzayera mudzatiuze." Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti pamenepo ndiye asayina.

## Kutayera

Panadutsa masabata atatu. Ogasiti, m'mawa, kumwamba kuli mbee. Kuzungulira konse kuja tinabwereza kuyambira pa nambala 1, mwana akuwerenga ngati hedimasitala, ndipo a Kaputeni anadumpha dala chotsekera thanki, anakalipiridwa.

Anamuonetsa chisokosi cha olenji chija chimapepeluka pambali pa bwalo. Ndege imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo, kuti mapiko apeze mphepo yokwanira isanathamange mtunda wautali. Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege ndi a kampasi atachotsa ziro, ku Chileka msewu waukulu ndi 10 mbali ina 28 mbali inayo, 10 ndiye kuti wayang'ana cha kum'mawa, 28 cha kumadzulo. Anatsegula kawindo nkukuwa "clear prop!" kuti anthu atalikire pulopela, olo panalibe munthu pafupi, kenako pa wailesi "Seven Quebec" ndi zina zomwe ine sindinatolepo kanthu. Pansi ndege amaikhotetsa ndi mapazi, chiwongolero sichigwira matayala, ndipo moto saponda, amakankha kachitsulo ndi dzanja. Makaniko ine zonse zinali chadodolido.

Pa ma knot 55, kungopitirira pang'ono makilomita 100 pa ola, liwiro loti mabasi amalipyola pa msewu wa Zalewa, anakoka chiwongolero pang'ono chabe ndipo phokoso la matayala linangotha. Malata a Machinjiri akuphethira, Shire akunyezimira uko, Mulanje patali ngati wajambulidwa. Mnyamata amene anandivutitsa masabata atatu anagona pasanathe mphindi 10, ndege ya mawaya ili pamiyendo.

Titakwera ndithu anamuuza mtsikana, "Gwira ndi zala zitatu, osafinya. Mawotchi asiye, yang'ana uko dziko lakumana ndi thambo, mphuno ikhale pansi pake pang'ono." Anakoka mopitirira, mimba yanga inatsala m'munsi. A Kaputeni osatekeseka, anangomukumbutsa za dzanja. Anali atamupatsa homuweki yotulutsa dzanja pa windo ine ndikuyendetsa, ukalipendeketsa pang'ono mphepo imalinyamula, ukalipendeketsa kwambiri imasiya kunyamula nkumangolikankhira kumbuyo. Phiko ndi chimodzimodzi, ndipo likasiya kunyamula amati stall. Kwa ife stall ndi injini kuzima, kwa iwo injini ikhoza kumalira bwinobwino koma phiko lakana, mankhwala ake ndi kuweramitsa mphuno. Mwana anabweza pang'ono, ndege inakhazikika, ndipo kwa mphindi zingapo amene amatiyendetsa pamwamba pa Blantyre anali munthu woti kunyumba amaiwala kutseka mpopi.

Kenako anati, "Funso lako lija ukulikumbukira?" Anakokera kachitsulo ka moto konse kumbuyo. Injini sinazime, inangotsala ikung'ung'udza pansipansi ngati galimoto yoima pa maloboti, koma mphamvu panalibe. Ine ndinagwira mpando ndi kutchula Yesu mokweza, ndaiwala kuti pa mahedifoni onse akumva. Ndege sinagwe. Inaweramitsa mphuno pang'ono nkumatsetsereka ngati njinga pa mtsetse, mphepo yokha kumveka. Akuti kandege aka kakakhala kilomita imodzi m'mwamba kakhoza kuyandama pafupifupi makilomita 9 kasanagunde pansi, ndiye ntchito ya woyendetsa ndi kusunga liwiro loyenera ndi kusankha potera.

"Sankha. Tikanatera pati?"

Analoza dambo lina.

"Ayi, muli ng'ombe, ndipo taona mapolo a magetsi awo. Yang'ananso."

Analoza munda wokololedwa kale, wautali. Anavomera, nkubwezera moto. Mwana anatembenuka nkundiyang'ana kumbuyo kuja. Sananene kanthu koma nkhope ija ndinaimva bwinobwino, adadi munati imagwa basi.

Titatera tinawapeza agogo ali pa benchi pomwe tinawasiya, Baibulo pamiyendo losatsegula. Anamugwira mwana masaya, nkufunsa ngati kwathu ku Ntcheu kumaoneka. Sikumaoneka, koma mwana anati pang'ono.

## Zomwe zatsala m'nyumba

Sindikunamizani kuti mwana wanga akhala pailoti. Laisensi yoyamba imafuna zaka 17, maola osachepera 40 mumlengalenga, mayeso olemba ndi a dokotala, ndipo maola amenewo amalipidwa ndi ndalama zoti garaja yanga sinazionepo, ambiri amakathera ku Joni kukaphunzira. Koma iye wamata kale pakhoma chithunzi cha Captain Yolanda Kaunda, amene mu Malichi 2017 ananyamuka pa Chileka pomwepa kupita ku Dar es Salaam ndi gulu la akazi okhaokha, ndiye amalume ake amene anati zimenezi si za atsikana anayankhidwa ndi chala choloza pakhoma. Masamu omwe ankawathawa pano akufunsa makilo a mlendo aliyense wolowa m'nyumba, azakhali ena anakhumudwa nazo.

Ndikaganiza, zambiri zomwe anagwira sizinafune ndege nkomwe. Dzanja pa windo, ndege ya pepala yopinda kumbuyo kwa mapiko kuti aone ikudzutsa mphuno, jumbo pa nsungwi kuseli kwa nyumba m'malo mwa chisokosi chija. Mpando wozungulira ndinagula wakale ku msika wa Ndirande, Lamlungu masana ana a pa mzere wathu amabwera asanu kapena asanu ndi mmodzi, iye ndiye mphunzitsi. Mmodzi anasanza, amake anabwera manja m'chiuno kudzafunsa chomwe tikuwachita ana awo powamanga kumaso nkumawauza za kuuluka. Nkhani ya lichero ija inatsala pang'ono kukhala yeniyeni, mpaka tinawakhazika pa mpando nawonso.

Ku garaja nako zasokonekera. Sabata yatha dalaivala wa minibasi wabwera paipi ya mabuleki ikudontha, eti ingomangani ndi mphira ndikatsitse kaye anthu ku Lunzu. Chaka chatha ndikanamanga nkulandira yanga ya sopo. Ndinakana, ndinati paipi ina kapena galimoto igone pano. Anatukwana mtundu wanga wonse, anakamangitsa kwina, mpaka lero sanabwerenso. Anyamata anga pano amanditcha Kaputeni, ndipo si ulemu ayi.

Agogo anabwerera ku Ntcheu maso atawakonza. Dzulo m'mawa aimba, ine kuyamba moni wautali, anandidula, "Mupatse mwanayo foni." Ndinangomuona akutuluka panja opanda nsapato, wayang'ana cha kumadzulo, wayang'ana jumbo lake pa nsungwi.

"Michiru sakuoneka agogo. Lero ayi."

Foni inali pa laudi ndiye ndinamva yankho. "Kuno kwayera. Koma mphepo yake ikuchokera ku Mozambique, ndiye tinganyamukire mbali iti?"